Ndani Akugwira Kiyibodi?

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi a sekondale, makolo ndi mafumu pa boma la Mwanza

  Ena mwalawira m'mamawa kuchokera ku Thambani ndi madera ena akutali, choncho sindizungulira.

Boma lathu la Mwanza ndi laling'ono. Pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu ongopitirira 130,000, ndipo chichokereni Neno mu 2003 malo nawo adachepa. Koma taonani zimene zimadutsa pano. Msewu wochokera pa Zalewa kupita ku Zobue ndi Tete umanyamula malole usana ndi usiku. Njanji imene kampani ya Vale idamanga imadutsa kuno ndi malasha a ku Moatize popita ku Nkaya mpaka kunyanja ku Nacala. Mawaya a magetsi a mphamvu ya 400 kV ochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete, adutsa m'minda mwathu kulunjika ku Phombeya. Pachipata cha m'malire katundu sayenda ngati sanalembedwe mu kompyuta. Zonsezi ndi ntchito za ainjiniya ndi akatswiri a makompyuta. Tsono funso langa ndi ili: mwa ana amene ali mu Fomu 1 lero kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, ndi angati amene adzajambule, kumanga ndi kukonza zinthu zoterezi? Nanga ndi angati amene adzangoziona zikudutsa?

Ndikafunsa chonchi, yankho limabwera msanga: tipatseni makompyuta, timangireni labu, tikokereni magetsi. Pempholi ndi loona ndipo sindikulitsutsa. Koma pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza mmene munthu amaphunzirira sayansi ya makompyuta ndi uinjiniya. Samangonena za m'mutu. Amalowa m'makalasi, amayesa njira ziwiri, amawerenga amene akhoza ndi amene alakwa, kenaka amasindikiza kuti anzawo awatsutse ngati angathe. Lero ndabwera ndi mfundo zisanu zochokera ku ntchito yawo. Yoyamba, chipangizo pachokha sichiphunzitsa. Yachiwiri, mwana amaphunzira zimene wachita ndi kulankhula yekha. Yachitatu, kuwerenga pulogalamu kuyambe, kulemba kubwere pambuyo. Yachinayi, palibe mwana wobadwa ndi mutu wa kompyuta. Yachisanu, kafukufuku wa ana a ku Mwanza akudikira inu.

Mfundo yoyamba: chipangizo pachokha sichiphunzitsa.

Dziko la Peru, ku South America, lidagula malaputopu oposa 800,000 n'kugawira ana a sukulu. Akatswiri a Inter-American Development Bank, motsogozedwa ndi Julian Cristia, adatsata sukulu 319 za kumidzi. Zina zidalandira malaputopu, zina ayi, ndipo zidasankhidwa mwa maere kuti pasakhale kukondera. Patatha miyezi 15 adawayesa ana onse. Zotsatira, zimene zidatuluka mu 2012, zidaonetsa kuti ana olandira malaputopu adadziwadi kuwagwiritsa ntchito, ndipo adachitako bwino pang'ono pa mayeso oyesa kaganizidwe. Koma pa masamu ndi pa kuwerenga sadasiyane ndi anzawo osalandira. Ndalama zonse zija, malikisi ali pomwepo. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Wina anganene kuti za ku Peru n'zakutali. Tiyeni tibwere kwathu. Pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham adagawa ana a Sitandade 1 mpaka 3 m'magulu atatu. Gulu lina lidapatsidwa matabuleti okhala ndi maphunziro a masamu a m'Chichewa, opangidwa ndi bungwe la onebillion. Gulu lina lidapatsidwa matabuleti omwewo koma opanda masamuwo. Gulu lachitatu lidaphunzira mwa masiku onse. Adachita izi mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2015. Amene adapita patsogolo kwambiri pa masamu ndi a gulu loyamba. Tsono taganizirani gulu lachiwiri lija. Tabuleti anali nayo m'manja, yowala chimodzimodzi, ya mtengo womwewo. Chimene analibe ndi phunziro lokonzedwa bwino, loyamba ndi zophweka, lomupatsa mwana chochita ndi kumuuza nthawi yomweyo ngati wakhoza kapena walakwa. Ndiye tikamapempha makompyuta, tipemphenso maphunziro a mphunzitsi amene adzawagwiritse ntchito, ndi munthu wodzawakonza akawonongeka. Tonse tikuzidziwa zipinda zina m'dziko muno zimene makompyuta adavindikiridwa ndi nsalu, makiyi ali m'thumba mwa munthu mmodzi, ndipo chitseko chimatsekulidwa kukabwera alendo.

Mfundo yachiwiri, imene nditayepo nthawi: mwana amaphunzira zimene wachita ndi kulankhula yekha.

M'malo mokuuzani, ndikufuna muchite. Ndalemba mizere itatu pa bolodipa, monga mmene imalembedwera m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Python.

a = 4
b = 9
a = b

Kompyuta ikamaliza mizere itatuyi, a ndi chiyani ndipo b ndi chiyani? Mayankho ndakupatsani anayi. Loyamba, asinthana: a ndi 9, b ndi 4. Lachiwiri, onse ndi 9. Lachitatu, a ndi 9 koma b watsala wopanda kanthu. Lachinayi, kompyuta ikana chifukwa 4 sangafanane ndi 9. Aliyense aganize payekha, asaonere mnzake, ndipo akweze zala zosonyeza yankho lake. Mwaona? Zala zasiyana, ngakhale pakati pa aphunzitsi a masamu. Tsopano tembenukirani kwa amene wakhala nanu pafupi, makamaka amene wasiyana nanu, mumukope kuti abwere mbali yanu. Ndikupatsani mphindi ziwiri.

Yankho ndi lachiwiri. Chizindikiro chija pano sichikunena kuti zinthu ziwiri n'zofanana monga m'masamu. Ndi lamulo: tenga chimene chili kumanja, uchikopere kumanzere. Choncho 4 wafufutika, ndipo b sanataye kanthu. Ndikanangolemba chiganizo chimenechi pa bolodi inu n'kukopera m'makope, nonse mukanagwedeza mutu, ndipo mawa lake theka la inu likanalakwa funso lomweli. Koma amene mwakangana ndi mnzanu n'kugonja simuiwala.

Njira imeneyi si yanga. Adaiyamba Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku Harvard, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo imatchedwa Peer Instruction. Ophunzira ake anali ana anzeru, okhoza mayeso a masamu ovuta. Atawapatsa mafunso ooneka ophweka, ofuna kuona ngati akumvetsa chimene chimachitika chinthu chikakankhidwa kapena kugundidwa, ambiri adagwa. Adaloweza njira zowerengetsera, koma maganizo akale anali chikhalire m'mitu mwawo. Mazur adaona kuti wophunzira amene wangomvetsa kumene amafotokozera mnzake bwino kuposa pulofesa, chifukwa akukumbukirabe pamene iye mwini adakodwa. Mu 2013 Leo Porter, Cynthia Bailey Lee ndi Beth Simon adaonetsa kuti pa University of California ku San Diego, m'makalasi a sayansi ya makompyuta amene adagwiritsa ntchito njirayi, chiwerengero cha olephera chidatsika ndi theka.

Umboni waukulu udabwera mu 2014. Scott Freeman ndi anzake adasonkhanitsa kafukufuku 225 wa m'makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya m'mayunivesite. Kumene mphunzitsi ankangolankhula ophunzira n'kumamvetsera, pafupifupi 34 pa 100 aliwonse ankalephera. Kumene ophunzira ankapatsidwa zochita, zokambirana ndi zoyankha m'kalasi momwemo, olephera anali pafupifupi 22 pa 100 aliwonse. Phindulo lidali lalikulu m'makalasi a anthu osapitirira 50, koma lidaonekanso m'makalasi aakulu. Ndabwereza dala mawu akuti m'makalasi aakulu, chifukwa ndikudziwa chimene chili m'mitima mwanu: ine ndili ndi ana odzaza mpaka pakhomo. Funso ndakupatsani lija silidafune magetsi, silidafune pepala. Lafuna choko, zala ndi mphindi zisanu.

Koma ndikuchenjezeni, ana anu adzadandaula. Mu 2019 Louis Deslauriers ndi anzake, ku Harvard komweko, adaphunzitsa mutu umodzi m'njira ziwiri. Ophunzira amene adamvetsera mphunzitsi wolankhula mosadodoma adanena kuti aphunzira zambiri ndipo adasangalala. Amene adavutika okha ndi mafunso adanena kuti aphunzira zochepa. Pa mayeso zidatembenuka: ovutika aja ndi amene adakhoza bwino. Ndiye makolo, mwana akabwera kunyumba n'kunena kuti aphunzitsi atsopanowa sapereka manotsi ambiri, amangotifunsa mafunso, musathamangire kwa a hedi. Yambani mwamufunsa kuti akufotokozereni zimene waphunzira.

Kunena zoona, kuno ku Mwanza zimenezi si zachilendo. Mlimi wa manachesi akafuna kuphunzitsa mwana wake kumezanitsa mitengo samukhazika pansi kumulembetsa manotsi. Amamezanitsa umodzi mwanayo akuona, kenaka amamupatsa lumo, mbande ya ndimu, kamphukira ka nachesi ndi kapulasitiki komangira. Mbande zoyamba zimafa. Bambo amayang'ana pamene padulidwa n'kunena kuti apa walowetsa lumo kwambiri, apa wamanga mosalimba. Pofika nyengo yachiwiri mwana uja akumezanitsa yekha. Palibe mlimi amene angakhulupirire mwana woti adangomva za kumezanitsa, ngakhale atalakatula masitepe onse osaphonya. Nanga ife tikumukhulupirira bwanji mwana amene amatha kutchula ziwalo zonse za kompyuta koma sanasungepo fayilo ndi dzanja lake?

Pa uinjiniya nkhani ndi yomweyi. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza ena ku America adapita pa mwambo womaliza maphunziro ku MIT, sukulu yotchuka ya ainjiniya, n'kupatsa omaliza maphunziro batire, babu ndi waya mmodzi kuti ayatse. Ena mwa iwo adalephera, atavala mikanjo yawo. Phunziro limeneli mungaliyese Lolemba ndi batire ya tochi. Mwana amene wayesa kanayi babu osayaka, n'kuzindikira yekha kuti magetsi afunika njira yopita ndi yobwerera, wamvetsa chimene ena adangojambula m'kope.

Ndipo ophunzira akapatsidwa vuto lenileni amatha kuchita zazikulu. Makina othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma, otchedwa Pumani, adayamba ngati ntchito ya ophunzira a Rice University ku America, mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Adagwiritsa ntchito timapampu totchipa topopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta m'nyumba. Kafukufuku wa Dr Kondwani Kawaza ndi anzake, wosindikizidwa mu 2014, adapeza kuti mwa makanda amene adathandizidwa ndi makinawa 71 pa 100 aliwonse adakhala ndi moyo, pamene mwa amene adangolandira mpweya wa m'mphuno anali 44. Mgwirizano umenewu ndi womwe udabala chipinda chopangira zinthu pa Polytechnic, imene kuyambira 2021 tikuitcha MUBAS. M'chipindamo ophunzira amapita kuchipatala kukaona vuto, amabwera kudzapanga chipangizo, chimakanika, amachikonzanso. Sukulu ya sekondale singakhale ndi zida zonsezo, koma mavuto enieni tili nawo ambiri: mjigo wofa, sola ya pa chipatala chaching'ono imene yasiya kutchaja, manachesi owola pamsika nthawi ya zokolola.

Mfundo yachitatu: kuwerenga kuyambe, kulemba kubwere pambuyo.

Mu 2001 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Michael McCracken lidayesa ophunzira oposa 200 a chaka choyamba m'mayunivesite anayi a mayiko osiyana. Adawauza kuti alembe pulogalamu yaing'ono imene aphunzitsi awo ankayembekeza kuti aitha. Pa malikisi 110, ophunzirawo adapeza pafupifupi 23. Anthu adadabwa, n'kumati mwina vuto ndi losadziwa kuthetsa mavuto. Mu 2004 Raymond Lister ndi anzake a m'mayiko asanu ndi awiri adafunsa funso lina: kodi anawa amatha kuwerenga pulogalamu yolembedwa kale, kuitsata mzere ndi mzere, n'kunena chimene ituluke? Adapeza kuti ambiri ngakhale zimenezo zimawavuta. Tinkawauza kuti alembe chimangirizo m'chilankhulo chimene sanayambe kuchiwerenga.

Kuchokera pamenepo padabadwa njira zingapo, ndipo ndikutchulirani ziwiri. Sue Sentance ndi anzake ku King's College London adakonza njira yotchedwa PRIMM, ya masitepe asanu. Mwana amapatsidwa pulogalamu yolembedwa kale kuti alosere chimene ichite. Kenaka amaiyendetsa kuti aone ngati adalosera zoona. Kenaka amaifufuza, kufunsa kuti mzere uwu ukuchita chiyani, nanga titauchotsa? Kenaka amaisintha pang'ono. Pomaliza ndi pamene amapanga yake. Adaiyesa pa ana pafupifupi 500 a zaka 11 mpaka 14 m'sukulu 13 za ku England, ndipo ana ophunzira mwa njirayi adaposa anzawo pa mayeso. Njira ina ndi ya Dale Parsons ndi Patricia Haden a ku New Zealand, ya mu 2006. Mphunzitsi amalemba pulogalamu yolondola, amaidula mzere uliwonse pawokha, amasakaniza, ndipo ana amaisanja. Mwana sakulimbana ndi kalembedwe ka mawu a Chingerezi kapena kusaka chilembo pa kiyibodi. Mutu wake wonse uli pa chinthu chimodzi: chiyambe n'chiti, chitsatire n'chiti, chifukwa chiyani.

Mwaona chimene chili m'njira ziwirizi kwa ife? Kulosera sikufuna magetsi. Kutsata pulogalamu ndi pensulo sikufuna magetsi. Kusanja timapepala sikufuna magetsi. Pa kalembera wa 2018 nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo mukukumbukira mdima wa 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Tim Bell ndi anzake ku University of Canterbury, ku New Zealand, akhala akukonza masewera ophunzitsa sayansi ya makompyuta popanda kompyuta kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pa dzina la CS Unplugged, ndipo amaperekedwa ulere. Koma ndisakunamizeni. Masewera ndi mapepala paokha sakwanira. Tsiku lina mwana ayenera kulemba pa kompyuta yeniyeni, kuona uthenga wofiira womuuza kuti walakwitsa, n'kusaka yekha pamene palakwika. Chimene ndikunena n'chakuti sukulu ya makompyuta asanu ingathe kuchita zambiri pa bolodi, kuti mphindi zochepa za pa kompyuta zisathere kusaka pamene pali chilembo Q.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa achinyamata kumbuyoko ndikudziwa funso lanu. Mukuti, nanga tivutikirenji pamene ChatGPT imalemba pulogalamu pa foni? N'zoona imalemba. Mu 2022 ofufuza a ku University of Auckland adapatsa pulogalamu ya mtundu umenewu, yotchedwa Codex, mayeso a chaka choyamba, ndipo idaposa ophunzira ambiri. Koma imalakwitsanso, ndipo imalakwitsa molimba mtima. Amene satha kuwerenga pulogalamu sangadziwe kuti wapatsidwa yabwino kapena yowola. Kwa ine, zimenezi zawonjezera kulemera kwa mfundo yachitatuyi.

Mfundo yachinayi: palibe mwana wobadwa ndi mutu wa kompyuta.

Mu 2006 Saeed Dehnadi ndi Richard Bornat a ku Middlesex University ku London adalemba pepala limene lidafala kwambiri. Lidanena kuti anthu ali m'magulu awiri, otha kuphunzira kulemba mapulogalamu ndi osatha, ndipo mayeso aafupi angawasiyanitse asanayambe n'komwe. Aphunzitsi ambiri adalikonda, chifukwa limachotsa mlandu pa mphunzitsi n'kuuika pa chibadwa cha mwana. Mu 2014 Bornat mwini wake adalemba poyera kubweza mawu amenewo. Mu 2016 Elizabeth Patitsas ndi anzake ku Canada adaunika malikisi a makalasi 778 a sayansi ya makompyuta, ndipo amene adaonetsa magulu awiri oterowo sadafike 6 pa 100 aliwonse. Adapezanso kuti aphunzitsi okhulupirira za chibadwa ndi amene ankaona magulu awiri ngakhale pa malikisi amene mulibe maguluwo.

Chimene timachitcha mphatso nthawi zambiri ndi mwayi woyamba msanga. Mwana wa m'tauni amene wakula akusewera ndi laputopu ya achimwene ake amaoneka wanzeru sabata yoyamba. Mwana wochokera ku CDSS ya kumudzi amene akugwira mausi koyamba amaoneka wogona. Mphunzitsi akathamanga ndi woyamba uja, wachiwiriyo amadziuza kuti izi si zanga. Ku Carnegie Mellon University, ku America, atsikana anali 7 pa 100 aliwonse mwa oyamba maphunziro a makompyuta mu 1995. Jane Margolis ndi Allan Fisher adafufuza chifukwa chake. Sukuluyo idasiya kuika patsogolo amene adadziwa kale kulemba mapulogalamu, idatsegula makomo olowera oyenera amene akuyamba kumene, ndipo idaphunzitsa aphunzitsi a sekondale za nkhaniyi. Pofika 2000 atsikana anali 42 pa 100 aliwonse. Mitu ya atsikana sidasinthe pa zaka zisanu zimenezo. Chidasintha ndi khomo.

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yanga. Mukalowa m'labu ya ana khumi pa kompyuta imodzi, musawerenge makompyuta. Yang'anani amene akugwira kiyibodi. Kawirikawiri ndi mnyamata mmodzi yemweyo, wodziwa kale, ndipo atsikana aima kumbuyo, wina wapatsidwa ntchito yolemba mayina a gulu. Ofufuza monga Laurie Williams, ndi ena a ku University of California ku Santa Cruz, adayesa kukhazika ophunzira awiriawiri pa kompyuta imodzi, wina akulemba, wina akuwerenga ndi kulondolera, n'kumasinthana. Ophunzira otere adalemba mapulogalamu abwino, adadzidalira, ndipo ambiri, atsikana omwe, adapitiriza maphunzirowo. Mutu umodzi susenza denga, koma chinsinsi chili pa kusinthana. Ikani wotchi pa tebulo. Pakatha mphindi khumi, kiyibodi isamuke. Wodziwa kale aike manja kumbuyo, afotokoze ndi pakamwa. Ndikubwereza: yang'anani amene akugwira kiyibodi.

Mfundo yachisanu ndi yomaliza: kafukufuku wa ana a ku Mwanza akudikira inu.

Mwamva mayina amene ndatchula: Harvard, London, San Diego, Auckland. Kafukufuku wambiri wa nkhaniyi wachitikira m'mayiko olemera, m'makalasi a magetsi osazima, pa ana olankhula Chingerezi kunyumba. Ndi nzeru zabwino kuyambirapo, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mafunso athu ndi ena. Kodi njira yokangana ndi mnzako imayenda bwanji m'kalasi imene mtsikana adaleredwa kuti asatsutse mnyamata pagulu? Kodi ana angati pa kompyuta imodzi ndi amene akuphunzirabe, ndipo ndi pati pamene ena amasanduka oonerera? Kodi mwana akakambirana ndi mnzake m'Chichewa, n'kulemba yankho m'Chingerezi monga mmene mayeso a MANEB amafunira, amamvetsa bwino kapena amasokonezeka? Ku India ofufuza ena adayesa kuphunzitsa mapulogalamu posakaniza Chitamil ndi Chingerezi. Malikisi sadasiyane kwenikweni ndi a ophunzira Chingerezi chokha, koma ophunzirawo adanena kuti ankamasuka ndi kumva bwino m'kalasi. Za Chichewa tiyenera kuziyesa tokha.

Musaope mawu akuti kafukufuku. Nayi njira imene mphunzitsi aliyense pano angaitsate teremu ikubwerayi. Sankhani mutu umodzi umene ana amalakwa chaka ndi chaka. Konzani mafunso asanu ofuna kumvetsa, osati kuloweza. Afunseni musanayambe mutuwo, ndipo sungani mapepalawo. Phunzitsani mwa njira imodzi mwa zimene ndatchulazi. Pomaliza funsaninso mafunso ofanana nawo, ndipo mubwerezenso patatha mwezi, chifukwa zimene mwana akukumbukira mawa lake si zimene adzalowe nazo m'chipinda cha mayeso. Lembani malikisi a anyamata ndi a atsikana padera. Ngati muli ndi makalasi awiri a fomu imodzi, phunzitsani ina mwa njira yakale kuti muyerekeze, ndipo pa mutu wotsatira musinthanitse kuti pasakhale omanidwa. Koposa zonse, lembani mayankho olakwika. Yankho lolakwika limene ana makumi awiri apereka mofanana likukuuzani chimene chili m'mitu mwawo, monga mmene zala zanu zandiuzira ine lero.

Kalasi imodzi si umboni. Mwina chaka chino ana anali akhama, mwina munaphunzitsa ndi mtima wonse chifukwa njirayo inali yatsopano. Koma aphunzitsi khumi a m'sukulu zosiyana akayesa chinthu chimodzi n'kuika makope awo pa tebulo limodzi, pamayamba kuoneka kanthu. Malo okumanirana tili nawo kale. Sukulu zathu zili m'makilasita, ndipo aphunzitsi a sayansi ndi masamu mukuidziwa SMASSE, ndondomeko yosula aphunzitsi imene idayamba m'dziko muno mu 2004 ndi thandizo la JICA. Anzathu a ku Zambia, kuyambira 2005, adazolowera kukonza phunziro limodzi pamodzi, wina n'kuliphunzitsa ena akuonerera ana, kenaka n'kulikonzanso. Ndipo zimene zakanika muzinene. Safunsa adadya phula, koma wobisa kuti wadya phula amadyetsanso anzake.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu a m'mayunivesite ndi makoleji, a MUBAS, MUST, Mzuni, UNIMA, Domasi ndi Nalikule, ophunzira anu akamasaka mitu ya kafukufuku atumizeni kuno, asangothera m'sukulu za mu Blantyre ndi Zomba, ndipo akamaliza abwere adzatiuze zimene apeza. Aphunzitsi aakulu, tsekulani zipinda zija, ndipo makiyi akhale ndi anthu oposa mmodzi. Kompyuta yowonongeka m'manja mwa mwana ingakonzedwe. Mafumu ndi makolo, mukapita ku msonkhano wa PTA funsani kuti mwana wanu wamkazi wakhala kangati pa kompyuta teremu ino. Inu ophunzira, mnzanu akakulandani kiyibodi muuzeni mwaulemu kuti nthawi yake yatha. Ndipo inu aphunzitsi anzanga, gulani kope limodzi la masamba ochepa, lembani pachikuto dzina la mutu umene mwasankha, ndipo mubwere nalo ku msonkhano wa kilasita wa kumapeto kwa teremu.